Mapiko a chigayo akaima mopendekeka

Mayi wina wogulitsa zinthu zakale pa msika wa Loweruka wa m'mbali mwa ngalande ku Delft, m'dziko la Netherlands, ananditenga positikhadi m'manja, n'kuiyandikizitsa kumaso, kenako anvekere, "Ichi musavutike n'kukachifuna. Chinapsa kalekale." Pa khadilo panali chigayo cha mphepo chachitali, chomanga ndi njerwa, chokhala ndi khonde lamatabwa lozungulira m'chiuno mwake, chitaima pakati pa misewu ya m'tawuni. M'munsi munalembedwa kuti Rotterdam, Oostplein. Ndinapereka mayuro awiri n'kuliika m'thumba la jekete.

Kuno ndinabwerera sukulu ya za madzi, ndipo pa tebulo la mayiwo ndinaimapo pongofuna kakhadi kotumizira mlongo wanga kumudzi. Khadi limenelo silinapite. Lili m'bokosi la nsapato pansi pa bedi, ndipo linabereka anzake ambirimbiri.

## Chimene mabomba anachilephera

Dzina lake chinali De Noord, chigayo chogaya tirigu. Pa 14 Meyi 1940, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndege za Ajeremani zinaphulitsa pakati pa mzinda wa Rotterdam, moto n'kumaliza zimene mabomba anasiya. De Noord chinapulumuka. Pali zithunzi zojambulidwa phulusa atalichotsa, pomwe chikuoneka chili njo chokhachokha, mozungulira monse muli pululu. Ndiye mu Julayi 1954, nkhondo itatha kale, mzinda ukumangidwanso, chinagwira moto usiku. Sanachimangenso.

Ndinapitabe ku Oostplein, khadi lili m'manja. Pali siteshoni ya sitima yapansi, mphambano ya misewu ikuluikulu, njinga zikudutsa mothamanga. Palibe chilichonse chokuuza kuti pamenepa pankazungulira mapiko.

Nditabwerera kunyumba m'pamene ndinayamba kuona nkhani yake bwinobwino. Cha pakati pa zaka za m'ma 1800 dziko lino linali ndi zigayo za mphepo pafupifupi 9,000. Lero zatsala pafupifupi 1,200, kuphatikizapo zoyendera madzi. Zinayamba kugonja kwa makina a nthunzi: nyanja ya Haarlemmermeer anaiumitsa pofika 1852 ndi mapampu atatu a nthunzi, Leeghwater, Cruquius ndi Lynden, pomwe nyanja ya Beemster mu 1612 anaiumitsa ndi zigayo zoposa 40. Kenako kunabwera dizilo ndi magetsi. Zigayo zinkagwetsedwa mofulumira moti mu 1923 anthu anakhazikitsa bungwe la De Hollandsche Molen kuti apulumutseko zotsala.

Tsono zaka zomwezo zimene zigayo zinkagwa ndi zimenenso anthu anapengera mapositikhadi. Kuyambira cha m'ma 1900 mpaka nkhondo yoyamba ya padziko lonse, kamudzi kalikonse kanali ndi wagolosale kapena wogulitsa mabuku amene ankaitanitsa makhadi a mudzi wake: tchalitchi, siteshoni, msewu waukulu, chigayo. Wojambula sankadziwa kuti akusunga umboni. Ankangofuna kugulitsa. Koma kwa zigayo zambiri za m'midzi, chithunzi chooneka bwino chimene chinatsala ndi kakhadi komweko.

## Kumbuyo kwa khadi

Osonkhanitsa makhadi akafika pa bokosi, amayamba atembenuza khadi. Poyamba ndinkadabwa nazo, pano inenso ndimatero.

Ngati kumbuyo kulibe mzere wogawa pakati, kuli mizere ya adiresi yokha, khadilo ndi la chisanafike chaka cha 1905, chifukwa m'pamene positi ya dziko lino inalola kuti uthenga ndi adiresi zikhale mbali imodzi. Kale uthenga unkalembedwa kutsogolo. N'chifukwa chake makhadi akalewo amasiya kampata koyera pansi pa chithunzi, ndipo anthu amene nkhani inawachulukira ankalemba mpaka m'mitambo, mawu kuzungulira mapiko a chigayo.

Kenako sitampa. Yobiriwira ya 2½ senti inali ya khadi lokhala ndi uthenga. Yofiira ya 1 senti inali ya mtengo wa zosindikiza: munthu ankakhwatcha mawu oti *briefkaart* (positikhadi) n'kulemba kuti *drukwerk* (zosindikiza), ndipo ankangololedwa dzina lake ndi timawu ta moni. Kunali kufulasha kwa nthawi imeneyo: ndilipo, ndakukumbuka, koma ndalama zolankhulira ndilibe. Makhadi otere ndi ochuluka kwabasi, ndipo ndimawakonda kuposa olembedwa zambiri.

Chidindo cha positi nacho chimathandiza, ngakhale inki itafufutika moti chaka sichikuwerengeka. Zidindo zamizere iwiri yozungulira, zimene osonkhanitsa amati *grootrond*, ndi za kumapeto kwa m'ma 1890 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900. Zokhala ndi mpiringidzo wautali pakati zinabwera cha mu 1906. M'mbali mumapezekanso dzina la wosindikiza, monga Weenenk & Snel a ku Den Haag, Nauta a ku Velsen kapena Dr. Trenkler a ku Leipzig. Makhadi ambiri a nkhondo yoyamba isanayambe ankasindikizidwa ku Germany, ngakhale chithunzi chake n'cha kuno.

Zonsezi munthu amaziphunzira msanga, kwa ogulitsa komanso pa intaneti. Zimakuuza zaka za khadi. Za chigayo chenichenicho sizikuuza kanthu.

## Madala a kumadambo

Loweruka lachiwiri la Meyi limakhala tsiku la zigayo m'dziko lonse. Chigayo chimene chakwezera kambendera kabuluu ndiye kuti alendo angathe kulowa. Ndinapalasa njinga kupita m'madambo a kunja kwa Leiden, komwe kuli tizigayo ting'onoting'ono tambiri totunga madzi. Chimene ndinaimapo chinali cha mtundu wa *wipmolen*: pansi pake pofolera ndi bango, pamwamba kanyumba kamatabwa kofiira kamene kamatembenuka konse kutsata mphepo. Zigayo zambiri za mtunduwu sizigaya kanthu. Mapiko amazungulitsa gudumu lalikulu lokhala ndi zopalasira, ndipo gudumulo limakankha madzi kuchokera m'ngalande yotsika kuwakweza m'ngalande yapamwamba, kuti ng'ombe zipeze podya pouma.

Woyendetsa anali bambo wachikulire wa ovololo yabuluu, mmodzi wa anthu ongodzipereka amene amaphunzira ntchitoyi kwa chaka kapena kupitirira kuti aone nyengo zonse, kenako n'kulemba mayeso. Ndinawapeza atamanga buleki, atakwera pa timatabwa ta phiko lapansi, akuyala nsalu. Anatsika, n'kumasula chingwe pang'ono kuti phiko lina lifike pansi, n'kukweranso. Mapiko onse anayi atavala, anamasula buleki, ndipo chigayo chonse chinayamba kulira, matabwa kukukuta, madzi kuwinduka pansi pa mapazi athu.

Alendo ena atachoka, ndinatulutsa envulopu ya makhadi.

"Bambo, ndimasonkhanitsa timakhadi iti. Mwina mungakonde kuona."

Anapukuta manja pa ovololo, n'kuvala magalasi. Ndinayamba ndi lokongola kuposa onse, lopaka mitundu: thambo lapinki, maluwa a tulip, kamtsikana ka nsapato zamatabwa, chigayo kumbuyo. Madalawo anaseka mpaka kutsokomola.

"Chimenechi chikazungulira, chizungulira chobwerera."

Anandikokera kutsogolo kwa chigayo chawo. "Taimani apa. Mapiko akupita kuti?" Ankazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. "Zigayo zathu zimatero mukaziyang'ana kumaso. Tsono taonani phiko likafika pamwamba. Mtengo wake waukulu uli apo. Timatabwa toyalapo nsalu tili kumanja kwa mtengowo, kumanzere kuli matabwa opapatiza odula mphepo. Onani khadi lanu." Pa khadi langa timatabwato tinali kumanzere. Wosindikiza anatembenuza chithunzi, kaya mwangozi, kaya pofuna kuti kamtsikanako kayang'ane mbali yomusangalatsa. Khadi linagulitsidwa, linatumizidwa, linasungidwa zaka zonsezi, chigayo chili chagada.

Anapitiriza kuona enawo mofulumira, akutchula mtundu wa chilichonse. Ichi n'chogaya tirigu cha m'tawuni, n'chifukwa chake n'chachitali, chimafuna kupitirira madenga kuti chipeze mphepo. Ichi n'chocheka matabwa, onani mitengo ikuyandama m'madzimo. Apa nsalu ayala mapiko onse mpaka kunsonga, ndiye kuti kamphepo kanali kochepa. Apa apinda theka, kunali mphepo yamphamvu, taonaninso mmene bango lawerama. Pa khadi lina analoza m'mphepete mwa phiko, pomwe panali thabwa lopindika. "Kapangidwe aka anatulukira ndi Fauël. Chithunzi ichi n'cha nkhondo yachiwiri itatha, kaya wogulitsayo anakuuzani chaka chanji."

Kenako anafika pa khadi limene ndinalitenga m'bokosi la masenti 50. Lofiirira, lofufutika, kona imodzi yopindika. Chigayo chofolera ndi bango m'mbali mwa ngalande, mapiko opanda nsalu, bwato litakocheza, mwamuna ndi ana awiri ataima pa kamlatho. Apa sanafulumire. Analipendeketsa kuti dzuwa ligunde bwino, n'kuyeza ndi chala kuchokera pa denga la chigayo kupita m'mwamba.

"Pano panali maliro."

Ndinayang'ananso. Sindinaone bokosi, sindinaone anthu ovala zakuda.

"Musayang'ane anthu, yang'anani mapiko. Woyendetsa chigayo saimika mapiko mwachisawawa. Akaima chilili, limodzi m'mwamba limodzi pansi, ndiye kuti wapuma pang'ono, abweranso. Akaima mopingasa ngati X, chigayo chipuma nthawi yaitali. Phiko lapamwamba likaima litatsala pang'ono kufika pansonga, kuli chimwemwe, mwana wabadwa kapena kuli ukwati, chifukwa chinthu chikubwera. Likaima litangopitirira pansonga, ndiye kuti wina wapita. Ili lapitirira."

Linapitiriradi, pang'ono pokha, kupendekera kumanzere. Ndipo timatabwa tinali mbali yoyenera, kusonyeza kuti chithunzicho sanachitembenuze.

Anandichenjeza kuti mwambowu si umodzi dziko lonse. Kuli zigawo zimene amachita mosemphanitsa, ndipo kudera la Zaan ankachotsanso matabwa odula mphepo aja, ochuluka ngati womwalirayo anali wapafupi kwambiri ndi mwini chigayo. Choncho munthu ayambe wadziwa kumene chigayo chili asanayambe kulira. Tinatembenuza khadi. Chidindo chinali cha kamudzi ka m'chigawo cha Zuid-Holland, chaka cha 1909. "Ndiye ndi kwathu kuno," anatero. "Maliro."

Sitampa inali yofiira ija, ya 1 senti. Uthenga wonse unali mawu amodzi, *Groeten*, kutanthauza kuti moni, ndi chilembo choyamba cha dzina. Wojambula anafika tsiku lake lojambula, anaona kuwala kuli bwino, anauza bambo uja ndi ana kuti aime pa mlatho. Wagolosale anaitanitsa makhadi mazanamazana. Ndipo kwa zaka, anthu obwera kudzacheza m'mudzimo ankagula chithunzi cha banja lofedwa n'kumatumizira abale awo moni wansangala. Anthu a m'mudzimo, amene ankadziwa kuwerenga mapiko monga mmene ankadziwira kuwerenga belu la tchalitchi, ayenera kuti ankaliona pa kauntala tsiku ndi tsiku.

Madalawo anandibwezera khadi, n'kuyang'ana kumadzulo komwe mitambo inayamba kuda. Mphepo inali itasuntha. Anapita kumchira wa chigayo, n'kumasula tcheni, n'kuyamba kupukusa gudumu lotembenuzira kanyumba kapamwamba. Anandiuza kuti ndigwire nawo. Chinali cholemera kuposa mmene chimaonekera.

Mwambo wa mapikowu sunathe. Ndege ya MH17 yochokera ku Amsterdam itagwetsedwa ku Ukraine mu Julayi 2014, zigayo zambiri m'dziko muno zinaimikidwa mwa maliro.

## Zimene ndinasiya kugula

Kuyambira tsiku limenelo bokosi langa linasintha. Ndinagula galasi lokulitsa, ndipo pa msika ndimakhala nthawi yaitali pa khadi limodzi moti ogulitsa ena amayamba kutsokomola.

Makhadi a Kinderdijk ndinasiya. Osati chifukwa malowo ndi achabe. Zigayo 19 pamalo amodzi, zisanu ndi zitatu zanjerwa za Nederwaard za mu 1738, zisanu ndi zitatu zofolera ndi bango za Overwaard za mu 1740, ndi zina zitatu, zonse zomangidwa kuti zichotse madzi m'chigwa cha Alblasserwaard kuwapititsa ku mtsinje wa Lek. UNESCO inawalemba pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa mu 1997, ndipo kwa munthu wophunzira za madzi ndi sukulu payokha. Koma makhadi ake ndi mbwee, onse ojambulidwa pa malo amodzimodzi, dzuwa likulowa. Ukaona asanu wawaona onse.

Zaanse Schans ndiye ndimadutsa osaima n'komwe. Zigayo zambiri za pamenepo anachita kuzisamutsira pamalopo kuyambira m'ma 1960, kuti alendo azizipeza pamodzi. Zaan imene ndimaifuna ndi ya makhadi akale, pomwe chigayo chili pakati pa mafakitale, utsi ukufuka kumbuyo kwake. Dera limenelo nthawi ina linali ndi zigayo pafupifupi 600 zikugwira ntchito: kucheka matabwa, kuyenga mafuta, kupera utoto, kupanga mapepala. Chigayo chocheka matabwa anachitulukira Cornelis Corneliszoon wa ku Uitgeest m'ma 1590, ndipo chinathandiza kuti zombo zizimangidwa mofulumira. Khadi loonetsa chigayo chothyoka phiko pafupi ndi chimune cha fakitale limanena mbiri ya dziko lino moona kuposa la tulip lililonse.

Ndimati maluwawo anaonongera anthu maso. Mlendo amabwera kuno akuganiza kuti chigayo ndi chokongoletsera. Chinali makina, aphokoso, oopsa, ofuna munthu wodzuka pakati pa usiku mphepo ikasintha. Chikathamanga kwambiri buleki yake yamatabwa inkatentha mpaka kuyatsa moto, ndipo mphezi inkachipeza msanga chifukwa chinali chachitali kuposa zonse m'dambomo. M'zigayo zambiri za m'madambo mabanja athunthu ankagona momwemo, m'tizipinda topanikiza, mtengo waukulu ukuzungulira pakati pa nyumba.

Pano ndimafuna makhadi amitundu itatu. Oyamba ndi a zigayo zimene kulibenso. Achiwiri ndi amene mapiko ake akunena kanthu. Ali ochepa, ndipo loonetsa chimwemwe ndili nalo limodzi lokha, lokongoletsedwa ndi timbendera pakati pa mapiko. Achitatu, ndiulule, ndi otembenuzidwa aja. Ndili ndi kagulu kawo kapadera, ndipo ndikapeza latsopano ndimasangalala mopanda ulemu.

Pali ena amene amagwera pakati. De Adriaan ya ku Haarlem inapsa mu Epulo 1932 ndipo anaimanganso mu 2002, pamalo omwewo m'mbali mwa mtsinje wa Spaarne. Ukaika khadi lakale pafupi ndi latsopano, chigayo chimaoneka chomwecho, koma nyumba, mabwato ndi anthu ozungulira ndi ena.

Kuzindikira chigayo chopanda dzina ndiye ntchito imene imandidyera usiku. Pa intaneti pali kaundula wa zigayo wotchedwa Molendatabase, wokhala ndi gawo la zigayo zomwe zilipo ndi gawo la zomwe zinatha, chilichonse ndi nambala yake. Umayamba ndi chidindo, ngakhale chimanamiza, poti munthu ankatha kugula khadi mudzi uno n'kukaponya mudzi wina. Kenako umafananiza nsanja ya tchalitchi imene ikuoneka patali, kapangidwe ka mlatho, kuchuluka kwa mawindo. Cha maliro chija ndinachipeza chonchi. Chinagwetsedwa m'ma 1920, pamalo pake n'kuikapo pampu yamagetsi.

Za mitengo, wamba amayambira masenti 50 mpaka mayuro angapo. La kamudzi kakang'ono, la chigayo chimene chinatha, lingathe kufika mayuro makumi angapo, chifukwa olimbirana nawe si okonda zigayo okha koma anthu a m'mudzi womwewo amene akusonkhanitsa chilichonse cha kwawo, ndipo amenewo satopa. Pa misika ya pa intaneti ya Delcampe ndi Marktplaats ogulitsa amadziwa zimene ali nazo. Mwayi uli m'masitolo a katundu wakale, pa msika wa tsiku la Mfumu pa 27 Epulo pomwe aliyense amayala za m'nyumba mwake panja, ndi pa msika waukulu wa mabuku wa ku Deventer, Lamulungu loyamba la Ogasiti. Kumeneko kumafunika kulawirira. Ndipo musamate khadi ndi guluu kapena selotepi, chonde. Timatumba tapulasitiki tosungira makhadi n'totchipa.

## Khadi limene sindinalione

M'tawuni yathu ya Delft mwatsala chigayo chimodzi, De Roos, pa msewu wa Phoenixstraat. Pamene ankakumba ngalande yapansi yoti sitima zizidutsamo, njira yake inadutsa pansi penipeni pa chigayocho. Sanachigwetse. Mu 2012 anachinyamula chonse, pamodzi ndi nyumba yake, n'kuchikweza m'mwamba pafupifupi mita imodzi ndi majeki, n'kumanga denga la ngalandeyo pansi pake, kenako n'kuchitsitsanso. Sitima zinayamba kudutsa pansipo mu 2015.

Zikanachitika mu 1908, sabata isanathe wagolosale wa pakona akanakhala akugulitsa khadi lake, poti osindikiza a nthawi imeneyo ankathamangira chilichonse: moto, chigumula, sitima yogwa m'njanji. Mu 2012 anthu anajambula ndi mafoni. Ndafufuza m'mabokosi a pa msika wa Loweruka, ndafunsa mayi anandigulitsa De Noord aja, sindinapeze positikhadi ya De Roos ili m'malere. Ngati alipo amene ali nayo, ndili ndi mtolo wa Kinderdijk dzuwa likulowa woti tisinthane, ndipo ndiwonjezerapo limodzi lotembenuzidwa.